Kukachingamira Sitima pa Lole ya a Jafali

Tinanyamuka pa Chikombe dzuwa lisanatenthe, mabwato ochokera ku Mbenji akutsitsabe utaka pamchenga. Ine tsiku limenelo ndinalibe nsomba. Ndinanyamula chinangwa chophika, ndinavala nsalu yanga yakutchalitchi, ndipo mtima unali m'mwamba.

Amuna anga, bambo a Esinala, anapita kumigodi ku Joni mwanayo akuyamwa. Pamene ndikunenapa n'kuti Esinala atayamba kutunga madzi yekha. Anthu anali atatopa kundifunsa za iwo, ena n'kumanditchula mkazi wa mtchona ine ndili pomwepo. Kenaka kunabwera munthu wa kwa Makanjira amene ankagona nawo chipinda chimodzi kumigodiko. Anati amuna angawo akubwera pa sitima ya Lachinayi, koma manyazi awagwira.

"Akuti akapanda kupeza munthu pasiteshoni, adziwa kuti pamalo pawo munaika wina," anatero. "Abwerera ndi sitima yomweyo."

Masiku amenewo njanji inkathera pa Salima. Sitima ikafika inkapuma, kumwa madzi, n'kubwerera kumene yachokera. Mawu aja anandikwiyitsa. Wochoka ndi iwo, koma wothamanga ndikhale ine? Ndinadandaula choncho kwinaku ndikusita nsalu ija.

Lole ya kwathuko inali imodzi, ya a Jafali, ndipo mpaka ku Salima ankalipiritsa masheleni awiri. Injini yake yakale inafa m'dzinja, iwo n'kukagula ina ya galimoto imene inagubuduka kumapiri a ku Dowa. Yatsopanoyo inalibe pampu yakeyake yokokera petulo, ndiye anaikapo yamagetsi, kanthu ngati kachitini kamkaka. Anaimanga ndi bawuti ku thabwa la bodi yonyamulira katundu, kuseri kwa mpando wawo. Akapotokola kiyi inkalira kuti thi-thi-thi. Ine ndinakhala pamwamba pake penipeni, pakati pa madengu a utaka wouma.

"Mayi, musade nkhawa," anatero a Jafali. "Injini iyi ndi mkango. Inshaala mukayamba ndinu kufika, sitima pambuyo."

Mpaka pa Khombedza mkangowo unabanguladi. Fumbi linatipaka tonse, fungo la nsomba n'kulowa m'nsalu yanga yosita ija. Pa Khombedza wamalonda wina anatsitsa madengu ake onse, lole n'kupepuka. Tinangoyenda pang'ono, kuoloka Lingadzi, injini inatsokomola kawiri n'kuti zii.

A Jafali anatsika akuseka. Anapisa kamtengo m'thanki, kanatuluka konyowa. Anatsegula kabuleta, kaja kosakaniza petulo ndi mpweya, anapeza mwauma gwa. Anachotsa paipi n'kupemerera mpaka masaya kutupa, paipi inalibe chotseka. Anagogoda pampu ndi sipanala monga mmene timadzutsira mwana waulesi, koma osalira. Apa kuseka kunatha. Anamasula waya wochokera ku batire n'kuukhudzitsa pachitsulo, moto unathetheka.

"Moto ukufika," anatero, akukanda m'mutu. "Petulo alipo. Nanga ikufuna chiyani, tiyi?"

Tinatsika tonse kukankha. Tinakankha mpaka thukuta kulowa m'maso, lole osadzuka. Ine ndinkangoyang'ana dzuwa mmene linkakwerera. Ndinayamba kuwaona bambo a Esinala ataima pasiteshoni ndi sutikesi, akuyang'ana nkhope za akazi a eni. Ndinayesa kukumbukira mawu awo, koma amene ankabwera anali a munthu wa kwa Makanjira uja. Zinandiwawa kuti mawu a mwamuna wanga ndawaiwala. Ndinawasowa munthu uja, ndinene mosabisa, ndipo mkwiyo wa usiku wathawo unali utasanduka mantha.

Titatopa tinakweranso m'lole kuti tidye, poti pansi panali linthumbu. Panali bambo wina wathupi, a Chikuse, mlimi wathonje wa ku Chinguluwe. Iwo ndiwo anamalizira kukwera. Atangodziponya pafupi nane, pansi panga panamveka thi-thi-thi. A Jafali anali ataiwala kuzimitsa kiyi.

"Yalira!" ndinakuwa.

A Chikuse anadzambatuka kuti aone, pampu n'kukhala chete.

"Pepani bambo, takhalaninso," ndinawapempha.

Anakhala. Thi-thi-thi. Anaimirira, zii. Anthu anaseka mpaka mayi wina kutsamwa ndi chinangwa changa.

"Ine ndakalamba osadziwa kuti ndine makaniko," anatero a Chikuse.

A Jafali analowa kunsi kwa lole chagada, n'kumawauza kuti khalani, imani, khalani. Anatuluka nkhope yonse dothi.

"Wallahi, cholakwa ndi changa," anatero. "Moto wa batire umapita ndi waya, koma pobwerera kwawo umadzera m'chitsulo cha lole. Ine pampu ndinaimanga pathabwa. Nsonga ya bawuti ndiyo inkagunda chitsulo katundu akalemera. Poyesa ku Chikombe ndinayesa lole itadzaza nsomba. Katundu akachepa thabwa likutukuka, moto ukusowa pobwerera."

Anafufuza m'bokosi lawo lazitsulo kuti apeze waya wina, anangopeza misomali ndi mphira. Ndiye tinaunjikana tonse mbali imodzi, a Chikuse pamwamba pa bawuti ngati mfumu pampando. Lole inayenda chopendekeka, injini ikutsokomola pabampu iliyonse, mpaka tinafika pa Chinguluwe dzuwa litapendeka.

Pa Chinguluwe a Chikuse anali atafika kwawo, pamodzi ndi anthu ambiri. Ndinawagwadira kuti atiperekeze, koma kunyumba kwawo kunali matenda. Tinatsala atatu, tonse owonda. Pampu inati zii.

Kudzanja langa lamanzere kunali chibangili chawaya wamkuwa. Anandipotera ndi bambo a Esinala tisanakwatirane, atakhala pabwato la bambo awo. Zaka zonsezo sindinachivulepo, ngakhale posamba. Pamene azakhali ankandikakamiza kuti ndilole mwamuna wina, ndinkangochipotokola. Koma apa ndinachivula movutikira, pakhungu n'kutsala mzere woyera.

"Uyu si waya?" ndinafunsa.

A Jafali anachiyang'ana, n'kundiyang'ana ine. "Mayi, ndikachiwongola sichibwereranso."

"Wongolani."

Anachiwongola ndi pulayala, anapala dzimbiri pachitsulo ndi mpeni, n'kumanga mbali imodzi ku pampu, ina ku chitsulocho. Atapotokola kiyi pampu inalira yokha, popanda woikhalira. Kuchokera pamenepo sanalankhulenso za mkango. Anangoponda mafuta, minda yathonje ikuthawira kumbuyo.

Utsi wa sitima tinauona tisanalowe m'tauni. Pasiteshoni anthu otsika anali atabalalika kale, okwera akukankhana pamakomo. Ndinalumpha lole isanaime bwino. Ndinathamanga m'mbali mwa mabogi ndikusuzumira pamawindo, nsalu yakutchalitchi ikununkha utaka. Sindinawaone. Ndinafika mpaka kumapeto.

Potembenuka ndinaona munthu ataima pakhomo la bogi yomaliza, sutikesi ili kale mkati, phazi limodzi pachitsulo chokwerera. Anali woonda, jekete ikumukulira, imvi zitayamba m'mbali. Ndikanamudutsa akanapanda kutsokomola n'kuphimba pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, monga ankachitira kale.

"Bambo a Esinala."

Anatembenuka. Kumaso sanandiyang'ane. Maso awo anapita kudzanja langa lamanzere, n'kuona mzere woyera uja. Ndinaona nkhope yawo ikugwa.

"Munavula," anatero chapansipansi. Mawu awo anali omwe aja, ndinawazindikira nthawi yomweyo.

"Ndavula lero, pa Chinguluwe. Chili kunsi kwa lole iyo. Chikanakhala pamkono, bwenzi mukukwera sitimayi."

Sanamvetse, ndipo wapasiteshoni anali ataika kale wezulo pakamwa. Zambiri ndinaziona kuti tidzakambirana kunyumba. Ndinalowetsa dzanja m'bogi, ndinakoka sutikesi ija, n'kuisenza pamutu.

Zamagalimoto sindizidziwa mpaka lero. Chimene ndinatolapo n'chakuti pampu ija inalibe vuto, moto ndiwo unkasowa pobwerera, ndipo wina anayenera kuupangira njira. Pobwerera tinakhala kuseri kwa a Jafali, pampu ikulira pansi pathu. Titadutsa Chinguluwe, bambo a Esinala anandifunsa ngati Esinala amadziwa dzina lawo.