Tarisai Anamva Zonse

Tarisai amasoka madiresi a ukwati m'kachipinda ka lendi ku Tlokweng, pafupi ndi Gaborone ku Botswana. Anabadwira ku Kadoma, ku Zimbabwe, komwe agogo ake ochokera ku Dedza anakagwira ntchito mumgodi n'kukhazikika. Panyumba pawo ankayankhula Chichewa, koma kusukulu anzake ankamuseka kuti ndi mubhurandaya, munthu wopanda kwawo. Choncho akadali wamng'ono anazolowera kutseka pakamwa akamva Chichewa pagulu. Atabwera ku Gaborone ndi mwamuna wake Pardon, makaniko wa makombi, maminibasi a kumeneko, anagwira Chitswana msanga, moti makasitomala ena ankadabwa kumva kuti ndi mlendo.

Mimba yake yachiwiri inayamba kuwawa masana ali pamakina. Pardon anathamanga naye kuchipatala chachikulu m'tauni, n'kumusiya pakhomo la wodi poti amuna sankalowa.

Anamulandira ndi Mma Gorata, mzamba wachikulire wa manja akuluakulu ofunda. Tarisai anamupatsa moni m'Chitswana chosalala, ndipo mayiyo anamwetulira, n'kuyamba kumuitana kuti ngwanaka, mwanangu. Anamuyeza, anamusisita msana, anamuuza kapumidwe. Azamba tsiku limenelo anali ochepa, amayi ali mbwee, koma Mma Gorata akamadutsa ankamugwirako phazi.

Pabedi loyandikana nalo, kuseri kwa katani, panali mtsikana wowonda dzina lake Tupochile. Anali atangofika kumene kuchokera ku Mangochi kutsatira mwamuna wake Ali. Chitswana sankachimva, Chingerezi chake chinali cha moni basi. Anali atayezedwa kale pofika, zonse zili bwino, ndiye ankangobuula chapansipansi.

Kenako anakweza mawu.

"Anesi, mwana wasiya kugunda. Mimba yauma gwa, kuwawa sikukudukiza. Si mmene zinalili woyamba uja."

Tarisai anamva liwu lililonse, ngati kuti akuyankhula ndi mayi ake omubereka. Mma Gorata anafika, nafunsa m'Chitswana, kenako m'Chingerezi. Mtsikanayo anabwereza zomwezo akuloza mimba. Mzambayo anakankha katani n'kufunsa wodi yonse ngati alipo amene akumva chiyankhulochi.

Tarisai anatembenukira kukhoma. Ululu unali utamugwira, n'zoona, koma pakamwa pakanatseguka. Anadziuza kuti ayankha ululuwu ukaphwa. Utaphwa, anadziuza kuti azamba amadziwa ntchito yawo, aona okha. Nthawi yomweyo mayi wina anakuwa kumapeto kwa wodi kuti mutu watuluka, ndipo Mma Gorata anasisita Tupochile paphewa n'kuthamangira komweko.

Posakhalitsa nayenso Tarisai nthawi yake inakwana. Akumutengera kuchipinda choberekera anamva phokoso kumbuyo, wina akufuula za magazi, mawilo a bedi akuthamanga kulowera ku fiyeta.

Tarisai anabereka bwinobwino mwana wamkazi wolira mwamphamvu. Mma Gorata anamugoneka pachifuwa pake akadali wonyowa, nawafunditsa onse awiri. Pomusoka pomwe anang'ambika, mzambayo anachita nthabwala kuti telala asadzaunyoze msoko wakewo. Tarisai anayesa kuseka, m'malo mwake misozi inangotsika. Mma Gorata anayesa kuti ndi kutopa, ndipo anamupukuta nkhope n'kumubweretsera tiyi.

M'mawa mwake, m'wodi ya amayi obereka, mzamba yemweyo anakhala pambali pake akumuthandiza kuika mwana kubere. Tarisai anafunsa za mtsikana uja ngati nkhani yongodutsa. Mayiyo anapumira m'mwamba. Anati nsengwa inayamba kuchoka mwana asanabadwe. Mayi wapulumuka, koma mwana, wamwamuna, anachedwa kulira ndipo ali kuchipinda cha makanda odwala.

"Ankandiuza ndithu," anatero Mma Gorata. "Ine ndi amene sindinamve."

Tarisai anayang'ana mwana wake akuyamwa, tsaya likutukuka.

Dzuwa litakwera anaona Tupochile pabedi la pafupi ndi zenera, ali ndi diripi pamkono, nesi wina akuyesa kumuonetsa ndi manja kafinyidwe ka mkaka m'kapu. Mtsikanayo ankangoyang'ana. Tarisai anadzuka pang'onopang'ono, msoko ukumukoka, nakaima pamutu pa bedilo.

"Akuti mufinye mkaka, achemwali, akamupatse mwana. Ali moyo. Akupuma ndi makina, koma ali moyo."

Tupochile anamugwira dzanja mwamphamvu. "Mayi wanga ine! Ndinu a kwathu? Palibe amene wandiuza kuti ali moyo. Ndimaopa kufunsa."

Tsiku lonse Tarisai anamasulira: mafunso a dokotala, za mankhwala, za chilonda, nthawi yokaona mwana. Mma Gorata atalowa ndi kuwapeza akuyankhulana, anaima. Anayang'ana Tarisai nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu m'Chitswana, kuti mtsikanayo asamve.

"Dzulo lija unali mbali inayo ya katani, si choncho?"

"Ee, mma."

Mzambayo anamuyezabe magazi mofatsa monga poyamba, anaona mchombo wa mwana, anamukumbutsa tsiku lobwera kusikelo. Koma ngwanaka sanalitchulenso mpaka Tarisai anatuluka.

Mwana wa Tupochile anatuluka patapita masabata, anamutcha Kondanani. Lero anzake obadwa nawo akuthamanga, iye akukhala movutikira, khosi silinalimbe. Madokotala akuti sangadziwe ngati zikanasintha akanafulumira. Tarisai anamasulira yekha mawu amenewo, ndipo anawamasulira ndendende.

Tsiku la mafizo a Kondanani kuchipatala likafika, Tarisai amatseka makina, ngakhale diresi la mwini likhale lofunika mawa, n'kukwera kombi kupita ku Broadhurst kumene Tupochile ndi Ali amachita lendi. Amabereka Kondanani kumbuyo, wake wamkazi uja akuyenda yekha pambali. Pardon anamufunsapo chifukwa chomwe amavutikira chonchi ndi anthu osakhala abale, iye anangoti ndi a kwathu.

Tupochile amauza aliyense kuti Mulungu anamutumizira mchemwali m'dziko la eni. Akayamba kunena zimenezi, Tarisai amawerama n'kuyamba kukonza chipewa cha mwanayo.