Nambala Naini Ndi Apongozi

A Paston Khembo sindinawaonepo atakhala pansi. Ndawadziwa zaka makumi atatu kuno ku Chilobwe, makomo athu amayang'anizana, koma ndikati ndikumbukire tsiku limene anagunda mpando n'kukhazikika, mutu umandipweteka. Kutchalitchi amaima kumbuyo pafupi ndi chitseko. Mu minibasi amakhala ngati akhala, koma mwendo umagwedera mpaka kondakitala kufunsa dalaivala ngati injini yayamba vuto. Akazi awo, mayi a Trevor, anasiya kale kuwauza kuti dyani mwaulemu.

A Khembo anabadwira ku Nsanje. Ku Blantyre anabwera ali mnyamata, n'kusewera nambala faifi mu timu ya fakitale ina ku Limbe. Amene anawaona amati mpira unkawadutsa ndithu, koma munthu ayi. Bondo litaguluka anapeza umesenjala pa ofesi ina mtauni, ntchito yowayenera chifukwa siifuna mpando. Akaweruka ankathamangira kubwalo kukaphunzitsa mpira.

Matimu a amuna anawachotsa katatu. Koyamba anati amakalipa kwambiri. Kachiwiri anati amasintha osewera ngati akusankha tomato. Kachitatu sanawauze n'komwe. Anangofika pabwalo n'kupeza munthu wina atakoloweka wezulo yawo m'khosi. Ndiye chaka china amayi a pamsika wa Chilobwe anawapeza n'kuti, a Khembo, ana athu aakaziwa akutha ndi mafoni, tiphunzitsireni mpira. Anzawo tinaseka. Ine ndinaseka kuposa onse, sindibisa. Timuyo anaitcha Linthumbu Sisters, poti linthumbu likakulowa m'buluku sufunsa ngati ndi lalikazi kapena lalimuna.

Kuseka kunatha chaka chachiwiri. Atsikana aja anayamba kukwapula matimu a ku Bangwe, a ku Ndirande, mpaka a ku Zomba. A Khembo anapita ku maphunziro a ukochi, mapepala ake n'kuwakulunga m'majumbo awiri kuopa mvula. Kuyambira pamenepo chinthu chimodzi chinawalowa m'mutu osatulukanso: kudzaima pambali pa benchi ya timu ya dziko ya amayi, dzanja lili pachifuwa, nyimbo ya fuko ikuimbidwa. Ndikuti kuima. Za kukhalapo pabenchipo sanalotepo.

Mwa atsikana onse, chida chawo chinali Ireen, nambala naini. Agogo ake anachokera ku Mozambique, iye analeredwa ndi azakhali ake ku Bangwe, mayi wa mwambo amene ngakhale mphaka wa pakhomo pawo amadutsa mowerama. Ireen ndi wamtali, ndipo mutu wake umadziwa golo kuposa miyendo ya anthu ena. Zaka zitatu a Khembo anamukalipira ngati mwana wawo. "Iwe Ireen! Miyendo imeneyo unabwereka kwa ndani? Thamanga!" Iye ankathamanga, n'kumwetsa.

Kenako Trevor, mwana wawo woyamba, amene amagulitsa zitsulo mu sitolo ina ku Limbe, anayamba kukonda mpira mwadzidzidzi. Mnyamata amene ali mwana ankathawa mpira ngati galu wachiwewe, lero akubwera ku masewera olimbitsa thupi atanyamula madzi ozizira. Bambo ake ankati Mulungu wayankha. Anayankhadi, koma pemphero la Trevor. Chaka chisanathe tinali kuvina pa ukwati wa Trevor ndi Ireen.

Vuto linaoneka Lolemba lake. Kwawo kwa a Khembo, mkazi wa mwana wako ndi apongozi. Sumutchula dzina, sumuyang'ana m'maso, mukakumana panjira wina amapatukira kutchire ngakhale kuli minga. Ireen atalowa m'bwalo atavala jezi, a Khembo anatsegula pakamwa monga mwa masiku onse, n'kutsekanso. Anatembenuka n'kuyamba kuphunzitsa mpira akuyang'ana phiri la Soche.

Ndinawauza ine. "Achimwene, kuno ndi kutauni. Masiku ano apongozi amapanikizana pampando umodzi wa minibasi, wina n'kumufungatira mnzake dengu."

"Inu mwambo munaugulitsa pa kaunjika," anatero. "Ine mayi anga akadali moyo ku Nsanje. Amve kuti ndikutchula apongozi dzina pagulu, ndikalowera khomo liti?"

"Itanani nambala, nanga. Nambala si dzina."

Anayesa tsiku limodzi. Mawa lake azakhali a Ireen aja anatulukira kuchokera ku Bangwe, chitenje chili m'chiuno mothina. "Bambo, nambala ija ili pati?" A Khembo anati pamsana. "Ndiye inu mukuwerenga msana wa apongozi anu?" Nkhani ya nambala inathera pomwepo.

Anawapulumutsa ndi mayi Lines, wogulitsa zitumbuwa amene amanyamulira timu ndowa ya madzi ndi mabandeji. Mayi ameneyu akaitana mwana ku Chilobwe, amayankha ndi wa ku Zingwangwa. Iwo ndiwo anakhala pakamwa pa kochi. A Khembo ankanena chapansipansi, akuyang'ana nsapato zawo, kuti, "Mayi, tawauzani apongozi kuti ngati n'kotheka asamadikire mpira, aziutsatira." Mayi Lines n'kukuwa, "Ireen! Akuti apongozi ako usaime ngati ukudikira minibasi ya ku Limbe!" A Khembo n'kumati sindinatero ine, koma mpira wapita kale. Zinayenda choncho chaka chathunthu, ndipo zigoli sizinachepe.

Ndiye kunabwera foni. A bungwe la mpira ankafuna wothandizira kochi wa timu ya dziko ya amayi. Mayina anatsala atatu, limodzi la a Khembo. A bungwewo anati adzatumiza munthu wawo, a Kingstone, kudzaonera masewera a Loweruka pa bwalo la sukulu ina cha ku Nyambadwe. Mawu a Kingstone pafoni anali ochepa: "Mapepala anu tawaona. Tikufuna tione mmene mumalankhulira ndi osewera anu mpira uli mkati."

Munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, mwayi wotere sukugogodera kawiri. Sabata imeneyo a Khembo anasiya kukwera minibasi, akuti imachedwa kudzaza. Ankachoka mtauni wapansi n'kufika ku Chilobwe thukuta lili kamukamu. Lachitatu anauza akazi awo kuti mwina Ireen apume Loweruka. Mayi a Trevor anati, "Chabwino. Zigolizo mukamwetsa ndinu ndi bondo lanulo?" Lachinayi m'mawa ndinawamva kuseri kwa bafa akuyeserera kutchula dzina la apongozi. "A… I… I…" Ndinafuula kuti achimwene, ngati ndi m'mimba ndili ndi mankhwala. 

Loweruka tinafika pabwalo dzuwa likuswa mtengo. A Kingstone anali atakhala kale pansi pa mthunzi, faelo ili pamwendo, cholembera chili kukhutu. A Khembo anali atazungulira bwalo kanayi akuyesa ndi phazi ngati mizere ndi yowongoka. Mayi Lines anatulukira ndi ndowa yawo, n'kupereka moni ndi dzanja lokha.

"Mayi, mwadzuka bwanji?" anafunsa a Khembo.

Mayi aja anatsegula pakamwa, munatuluka mphepo. Dzulo lake kunali mpikisano wa makwaya kutchalitchi kwawo, ndipo iwo anaimba mpaka mawu anatsalira komweko.

A Khembo anagwira mutu ndi manja onse. "Mayi inu! Mwa masiku onse a Mulungu?"

Mpira unayamba. Adani anali atsikana a ku Ndirande, ouma ngati zikuni. Anatimwetsa chimodzi mphindi khumi zisanathe. Linthumbu linabweza tisanapumule, Ireen ndi mutu, popanda womuuza. A Khembo ankakalipira ena onse mwaufulu. "Tamara, bwerera! Cecilia, ukumusisita kapena ukumutchinga?" Koma diso likangogwera kwa nambala naini, mawu ankazima, iwo n'kuyang'ana kumwamba ngati akufufuza mvula. Ndinaona a Kingstone akuyang'ananso kumwamba, kenako n'kulemba kanthu.

Popuma a Khembo anasonkhanitsa atsikana, n'kuima chammbali, kumbuyo atalozetsa kwa Ireen. "Pali munthu wina muno," anatero, "amene akanachita bwino kumaima kutali ndi goloboyi pa kona." Atsikana khumi ndi mmodzi anayang'anana, aliyense akuganiza kuti ndi iye. Chigawo chachiwiri chitayamba, pa kona yoyamba onse anaima kutali, m'bokosi munalibe munthu. A Kingstone analembanso.

Zinatsala mphindi ziwiri, chimodzi kwa chimodzi, Linthumbu linapeza kona ina. Atsikana a ku Ndirande anaunjikana onse pa mtengo wapafupi wa golo. Mtengo wakutali unali pululu, poti ungaimikepo ngolo. A Khembo anauona. Anathamangira kwa mayi Lines. "Auzeni apite kumbuyo uko!" Mayi aja anayesa, mitsempha ya m'khosi inatuluka, koma phokoso lake ngati tayala likuphwa. A Khembo anathamangira kwa ine. Ndinati mano ndilibe, mawu anga safika. Anatembenukira ngakhale kwa a Kingstone, "Bwana, mwina inuyo…" A Kingstone anangokweza nsidze.

Tamara anali atabwerera kale mmbuyo kuti amenye konayo. A Khembo analumpha mzere, anavula chipewa, anatseka maso.

"Iwe Ireen! Pita kumbuyo uko!"

Abale anga, chowawa n'chakuti mtsikanayo anali ataona kale. Anali akuthamangira komweko, watsala sitepe imodzi kuti anyamuke. Koma khutu linamva dzina lake likutuluka pakamwa pa apongozi, ndipo thupi linachita zimene azakhali a ku Bangwe analiphunzitsa kuyambira lili ndi zaka zinayi. Anaima nji, anatembenuka, anagwada pafumbi m'kati mwa bokosi, manja pamodzi.

"Wawa, bambo!"

Mpira unadutsa pamwamba pa mutu wake, penipeni pamene chipumi chikanakhala. Wokongola, wozungulira bwino, wongofuna kugunda. Unagwera mtsikana wa ku Ndirande amene anaima yekha kunja kwa bokosi. Iyeyu za apongozi analibe nazo ntchito. Anathamanga bwalo lonse n'kumwetsa chachiwiri.

Kuseka kumene kunali pamenepo sindinakumvepo. Woimbira anaiwala kuliza wezulo. Anyamata a ku Ndirande anayamba kugwadirana m'mbali mwa bwalo, akuomba m'manja, "Wawa, bambo! Wawa, bambo!" Ireen anadzuka, anasasa mawondo, misozi ili mbwembwembwe. A Khembo anafuna kupita kukamutonthoza, anayenda masitepe atatu, n'kukumbukira kuti sangathe. Anabwerera. Anapitanso. Anabwereranso.

A Kingstone anadza akupukuta maso ndi mpango. "Bambo Khembo, mpira mumaudziwa. Malo aja munawaona bwino, ine ndemwe sindinawaone. Koma tandiuzani, mtsikana ameneyu tikamutenga, ndipo timutenga, kunja kwa dziko mukamulankhula bwanji? Tizikwezanso ndege mayi a zitumbuwawa?"

"Mawu awo abwerera Lachiwiri," anatero a Khembo.

Patatha masabata awiri foni inalira kawiri pakhomo pawo. Yoyamba inali ya Ireen: akufunika ku kampu ya timu ya dziko. Yachiwiri inali yawo: ntchito ija apatsa mnzawo wa ku Lilongwe, koma asataye mtima, mgwirizano wake ndi wa zaka ziwiri zokha. Tsiku limenelo anayenda wapansi mpaka ku Limbe n'kubwerera, osagula kanthu. Pobwera anauza akazi awo kuti akauze Trevor kuti akauze apongozi kuti jombo zatsopano adzagula ndi iwo, ndipo kuti ku kampuko wina akawatchula dzina asagwade, ameneyo si mbale wawo.

Zaka ziwirizo akuziwerenga ndi zala. Akuti akadzafunsiranso, adzakhala atapanga nambala naini wina woti akhoza kumutukwana bwinobwino, ndipo Ireen akadzakumana naye ku timu ya dziko adzaona pomwepo chochita. Pakali pano chiyembekezo chawo chili pa Hannah, goloboyi, mtsikana amene mpira umamatirira m'manja mwake ngati ulimbo.

Dzana ndinapita kukaonera akuphunzitsa. Kuseri kwa golo kunaima mnyamata wovala malaya ositidwa, atanyamula botolo la madzi ozizira. Ndinayang'anitsitsa, ndinapeza ndi Victor, mwana wawo wachiwiri.

"Achimwene," ndinatero, "Victor wayamba kukonda mpira."

A Khembo anatembenuka, anaona botolo, anaona Hannah akuseka. Wezulo inagwa pakamwa. Bondo loguluka lija sindikudziwa linapeza kuti mphamvu, koma anadutsa bwalo lonse asanapume.

"Iwe Victor! Choka kumeneko! Atsikana atha mu Blantyre muno? Pita kukwaya, pita kumsika, pita kulikonse! Goloboyi yekhayo ayi!"