Ng'ombe Yofiira ya Diiriye

Diiriye Samatar anabadwira pakati pa ng'ombe, ndipo kwathu kuno zimenezo si zonyadira. Mwamuna amayezedwa ndi ngamila. Ngamila ndiyo imakwatitsa, ndiyo imathetsa mlandu wa magazi, ndiyo imaimbidwa nyimbo pachitsime. Woweta ng'ombe timakhala naye pamphasa imodzi, timamwa naye tiyi, koma akangotembenuka anthu amatsinzinirana maso. Ali mnyamata anzake anamutcha Ndowe. Anakula nalo dzinalo, anakwatira nalo, imvi zinamupeza nalo.

"Ndowe, sendera uko, ntchentche zako zigwera m'tiyi wanga!" ankatero amuna pasitolo.

Iye sankaseka. Yankho lake linali limodzi chaka ndi chaka: "Kwerani phiri mukaone zimene anajambula anthu akale. Mukakapezako ngamila, bwerani mudzatenge nkhunzi yanga."

Sankanama. Kumtunda kwa chitsime chathu kuli phiri la miyala yofiirira, ndipo pansi pa thanthwe lina pali phanga. Padenga ndi m'makoma mwake muli ng'ombe zojambula, zofiira ndi zoyera, zanyanga zazitali, zopanda linunda, makosi ake amizeremizere ngati zavekedwa nsalu. Pansi pake paima tianthu titakweza manja. Ngamila mulibe ndi imodzi yomwe. Amene anajambula palibe akuwadziwa. Ambiri ankati ndi ntchito ya majini, ndipo ankalambalala. Diiriye anayamba kulowamo ali mwana pothawa mvula, ndipo ng'ombe yaikulu kuposa zonse, ya kuseri kwa mwala, ankangoitcha Yofiira, ngati ndi ya m'khola mwake.

Chilala chachikulu chitabwera, ngamila zinaonda koma zinaima. Ng'ombe zinagona pansi osadzukanso. Diiriye ankazikweza ndi mitengo m'mimba, kuziphikira mapira amene akanadya ana ake, mpaka yomaliza inafera pakhomo. Anatsala ndi timbuzi. Amuna a pasitolo sanamunyoze mwezi umenewo, koma dzina lija sanamuchotsere. Mkazi wake anamwalira patapita zaka zochepa. Mwana wake wamkazi, Filsan, anakwatiwa ndi Geeddi wa kwa Warfaa, banja la ngamila zambiri, lomwe kuyambira kale linkati chitsime chathu ndi phiri lomwe ndi zawo.

Filsan anadwala m'chilimwe, mwamuna wake ali kutali kumwera ndi ziweto. Anabwera kwa bambo ake ndi ana ake awiri, ndipo anafera komweko. Anawo, Guuleed wamkulu ndi mlongo wake Sagal, anakhala ndi agogo awo mpaka mvula. Kenaka uthenga unafika: Geeddi abwera mawa masana ndi galimoto kudzatenga ana ake.

Diiriye sanatsutse. Mwana ndi wa bambo ake. Amaloweza maina a makolo a bambo ake mpaka kutali, koma a kwa amayi ake samufunsa. Chimene chinkamudya mumtima ndi china. Ankadziwa kuti tsiku lina kwa Warfaa mwana wina adzawauza kuti, "Amayi anu anali mwana wa Ndowe." Ankafuna kuti tsiku limenelo adzukulu akewo asadzaweramitse mutu. Analibe ng'ombe yamoyo yoti awaonetse. Zinatsala za pathanthwe.

M'mawa atapemphera anawamwetsa tiyi wamkaka wa mbuzi, nadzaza madzi m'chigubu, natenga ndodo.

"Valani nsapato. Tikukwera."

"Kukatani kuphiri kwa majini?" anafunsa Guuleed.

"Jini wamkulu ndiwe. Tiye."

Anadutsa mtsinje wouma, mchenga ukadali wozizira, nayamba kukwera pakati pa mitengo yaminga. Diiriye anali asanakwereko chiyambire matenda a Filsan, ndipo mawondo ankamukumbutsa zimenezo pa mwala uliwonse. Guuleed ankathamangira kutsogolo n'kumadikira ataima pamwala, manja m'chiuno.

"Awoowe, mukuyenda ngati ng'ombe yapakati!" anakuwa. Awoowe ndi mmene kwathu timaitanira agogo aamuna.

"Unaiona kuti ng'ombe yapakati, iwe wonunkha mkodzo wa ngamila?"

"Ababa amati ng'ombe ndi chiweto cha akazi. Akuti ikangosowa madzi pang'ono imalira ngati mwana."

"Bambo ako amadziwa zambiri. Uwafunse mafuta amene amapaka pachigumu chawo amachokera m'bere la yani."

Sagal sankalowerera. Ankayenda atagwira nsonga ya nsalu ya agogo ake. Munga utamulasa kuphazi, anakhala pansi osalira, n'kungotambasula mwendo. Diiriye anagwada, nauzula ndi zikhadabo, nalavulira pabalapo.

"Awoowe," anatero mtsikanayo, "amayi anafikako kumeneko?"

"Anafikako ali ngati iwe. Ndinachita kumubereka potsika, anakana kuchoka."

"Anaopa?"

"Amayi ako sankaopa kanthu. Ankangoopa kutsuka mbale."

Mtsikanayo anaseka, kuseka kumene Diiriye anali asanakumve chichitikire maliro.

Dzuwa linali litakwera pamene anafika. Diiriye anawauza avule nsapato. Palibe lamulo lotero, koma iye ankachita choncho. Anawalowetsa mumthunzi, nawagoneka chagada pamwala wozizira.

"Musalankhule. Dikirani maso azolowere."

Pang'onopang'ono ng'ombe zinayamba kutuluka m'thanthwemo. Nyanga poyamba, kenaka makosi, kenaka mawere odzaza. Guuleed, amene pakamwa pake sipankatsekeka, anangoti kukamwa yasa. Sagal analoza ndi chala.

"Kamunthu ako kakukwezeranji manja?"

"Sindidziwa. Sindinaliko. Koma taona, munthuyo ndi wamng'ono, ng'ombe ndiyo yaikulu. Amene anajambula apa ankadziwa chimene chinkawadyetsa."

"Ngamila zili kuti?" anafunsa Guuleed.

"Funafuna."

Mnyamatayo anadzuka, nayang'ana khoma lonse, nasuzumira m'ming'alu. Anabwerako nkhope itagwa.

"Palibe."

"Palibe. Anthu a ng'ombe anali pano ngamila isanaponde dziko lino. Amayi anu anachokera kwa anthu oweta ng'ombe. Wina akadzakunyozani nazo, mudzamuuze akwere phiri. Tsopano bwerani muone mayi wa zonsezi."

Anawatsogolera kuseri kwa mwala, atawerama. Mtima wake unali utapepuka, ndipo ankayankhula asanafike: "Iyi ndiye Yofiira. Taonani kho..."

Mawu anamuthera pakamwa. Yofiira inalipo, nyanga zake, khosi lake loyera. Koma pantchafu pake, kutsikira mpaka pabere, wina anali atalembapo ndi penti wabuluu wopakira zitseko: mphete yaikulu, ndi mzere wotsika pansi pake. Aliyense kwathu amachidziwa chizindikiro chimenecho. Ndi chimene a kwa Warfaa amaotcha ndi chitsulo chamoto pa ngamila zawo.

Guuleed analumpha. "Chizindikiro chathu! Sagal, taona, chizindikiro cha ababa! Ndiye kuti ng'ombeyi ndi yathu!"

"Khala chete."

"Koma ndi chathu, Awoowe! Mphete ndi mzere!"

"Ameneyu ndi penti wa dzana. Ng'ombeyi inalipo Warfaa asanabadwe, agogo ake a Warfaa asanabadwe."

"Munanena nokha pachitsime paja," anatero mnyamatayo, osati mwamwano, koma ngati mwana wobwereza phunziro. "Munati chiweto sichilankhula, chimene chimalankhula ndi chizindikiro. Munati ngakhale chikulire m'khola mwako, ngati chili ndi chizindikiro cha wina, ndi cha winayo."

Ananenadi. Ndi lamulo lathu, ndipo Diiriye analiikira umboni pa milandu yambiri ya ziweto zosochera, ngakhale pamene linkapweteka abale ake. Sanali munthu wouza mwana kuti zimene wamva sanazimve. Anaima pamenepo, maso ali pa chizindikirocho. Anamulanda ulemu, chilala chinamulanda khola, ana awa amutengera masana ano. Tsopano ndi ng'ombe ya pathanthwe yomwe.

Anatsegula chigubu, nanyowetsa nsonga ya nsalu yake, nayamba kupukuta pentiyo. Sanachoke. Anatapa mchenga pansi, nauika pansaluyo, nathiranso madzi, nakhula ndi mphamvu zonse monga amakhulira mphika wopserera. Ankatukwana chapansipansi, kutchula Warfaa ndi ana ake ndi ngamila zake. Madzi anayamba kuyenderera m'dzanja lake mpaka m'chigongono.

"Awoowe," anatero Sagal, "ikutuluka magazi."

Sanamve. Mkwiyo ulibe makutu. Anathira madzi otsalawo, natapanso mchenga.

"Awoowe, siyani! Mukuipweteka!"

Mtsikanayo anamukoka nsalu akulira, ndipo m'pamene analeka, nabwerera m'mbuyo. Madzi a m'dzanja lake anali ofiira. Pathanthwe, ntchafu ya Yofiira panalibe. Bere panalibe, mwendo wakumbuyo unatsala chidutswa. Panali mwala wotuwa, wonyowa. Utoto wa anthu akale, umene unapirira dzuwa ndi mphepo kwa mibadwo yosawerengeka, unachoka ndi mchenga. Penti wa kusitolo anali pomwepo, atangokalika pang'ono, akuwala kuposa poyamba.

Guuleed anayang'ana khoma, nayang'ana agogo ake, nakavala nsapato yekha osauzidwa.

Kutsika kunali kowawa. Madzi anali atathera pathanthwe, ndipo dzuwa linali paliwombo. Milomo ya ana inauma. Sagal atayamba kudzandira, Diiriye anagwada kuti amubereke, koma mtsikanayo anayang'ana dzanja lofiira lija napukusa mutu. Anagwira malaya a mlongo wake, nayenda choncho mpaka kumtsinje wouma.

Galimoto anaipeza itafika kale. Geeddi anali ataima pamthunzi, ndipo ataona ana ake ali mbuu, anathamangira madzi asanapereke moni.

"Mwawatengera kuti ana dzuwa lonseli, apongozi?"

"Ababa, kuphanga kuli ng'ombe ya chizindikiro chathu!" anatero Guuleed atangomeza madzi. "Koma Awoowe aifufuta."

Geeddi anayang'ana pansi. Sanali munthu woipa, ndipo manyazi anamugwira. "Ndi anyamata a kwathu aja, apongozi. Anamva kuti anthu a kumzinda wa Hargeysa ayamba kubwera kudzaona mapanga, ndiye anati adziwe eni malo. Ine ndinawauza kuti ndi zachibwana."

"Unawauza," anatero Diiriye.

"Ndinawauza. Koma inunso, mpaka kukhula ndi mchenga? Mukanandiuza, pali mafuta ochotsera penti."

Diiriye analowa m'nyumba, natulutsa kamtolo ka zovala za anawo ndi mpango wa Filsan, naziika m'galimoto ndi manja ake. Guuleed anamupsompsona dzanja lamanzere, chifukwa lamanja linali lofiira ndi utoto. Sagal anali atakwera kale, atakhala pakati pa matumba a mpunga. Diiriye anasendera pafupi.

"Awoowe," anamuitana motsitsa, monga agogo amaitanira mdzukulu ndi dzina lawo lomwe, "zina zija unaziona. Za padenga zija. Uzikazikumbukira zimenezo."

Mtsikanayo anamuyang'ana ndi maso ouma. "Mwapha ng'ombe ya amayi," anatero, natembenukira kwina.

Nkhaniyi inafika pasitolo dzuwa lisanalowe. Akuluakulu anaikambirana masiku angapo. Anyamata amene anakwera ndi chitini cha penti palibe anawaitana, chifukwa kulemba chizindikiro cha kwanu si mlandu. Amene anadzudzulidwa ndi Diiriye, ndipo ena amene moyo wawo wonse sanapondeko kuphangako ndiwo anakweza mawu kwambiri. Iye sanadziteteze. Wina akamufunsa ankati, "Ndinakhula ndine," n'kupitiriza ulendo. Zoona zake n'zakuti onse awiri analakwa, wolemba ndi wofufuta, koma wofufutayo ndiye ankaikonda ng'ombeyo, ndipo ndiye anaiwononga. Anawo anakulira kwa Warfaa. Kwa agogo awo ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo za phiri sankazitchula.

Tsiku lomwelo, fumbi la galimoto litatha, nthawi ya pemphero lamasana inali itapitirira. Diiriye anakhala pamwala wa pakhomo ndi kabotolo ka madzi. Anayang'ana dzanja lake nthawi yaitali. Utoto unali utauma m'mizere ya chikhatho ndi m'zikhadabo. Munthu sapemphera asanasambe. Anatchula dzina la Mulungu, nathira madzi, ndipo mchenga unamwa.