Sopo wa Zithunzi za Ababa

Asisi anga a ku Lilongwe anandiletsa kujambula ndi foni ya ababa chifukwa cha mbuzi. Foniyo anagula ndi iwowo kuti ababa azitumiza zithunzi za munda wa fodya, poti feteleza ankagula ndi iwo. Tsiku lina atapempha chithunzi cha ababa, ine ndinaveka tonde wathu chipewa chawo ndi jekete la kutchalitchi, n'kutumiza, pansi n'kulemba kuti, "Ababa anenepa." Mpaka lero ndikakumbuka nthiti zimandiwawa. Asisi sanaseke. Analamula kuti azijambula ndi ababa okha, ine ndisayerekezenso.

Ndiye ababa ankajambula okha, ndipo zithunzi zake zinkatuluka ngati munda wonse ukuthawa. Mizere yokhotakhota, masamba opakana, chigafa choumitsira fodya chowoneka pawiri. Vuto silinali foni. Dzanja lawo lamanja linali litayamba kunjenjemera.

Kwa munthu wina imeneyi ikanakhala nkhani ya kuchipatala basi. Koma ababa ndi mkamwini. Kwawo ndi ku Chisemphere, ndipo munda wathu wa ku Kaomba kuno ndi wa kwa amayi. Amayi atamwalira, amalume sanawasudzule ababa kuti azipita kwawo. Anangoti, "Bola mundawo ukulimidwa." Amalumewo ali ndi anyamata okwatira amene alibe polima. Ababa ankadziwa kuti tsiku limene manja awo adzadziwike, munda upita, nyumba ipita, ine ndi iwo tisiyana.

Pulogalamu yochotsa kugwedera pa zithunzi ndinaidziwira kusukulu. Tinajambula aphunzitsi a masamu akugona pampando kukamwa kuli yasa, koma poti tinajambula tikuthawa, chithunzi chinatuluka utsi wokhawokha. Mnzanga anachilowetsa mu pulogalamuyo, kachizindikiro kanazungulira pang'ono, kenako aphunzitsi aja mbee, mpaka dovu. Anandipatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala, ndipo ndinakumba ndikuimba.

Nkhaniyi ababa anaimva kwa ahedi. Sanandikalipire. Masana ena tili m'chigafa anangoti, "Iwe, akuti uli ndi sopo wa zithunzi?"

"Sopo ndi wodula, ababa."

"Usandilankhule ngati wa pagolosale. Tanditsukira ichi nditumize kwa mkulu wako."

Ndinawauza mtengo wanga: asadzandifunsenso kumene kunapita nsapato imodzi ya mkulu wa mpingo. Anavomera. Ndinaika pulogalamuyo pa foni yawo, ndipo ndinawaonetsa kamzere kamene umakoka ndi chala: mbali iyi chithunzi chogwedera, mbali iyo choyera. Anakoka uku ndi uku ngati mwana. "Ha! Zimenezi bwanji sapanga za munthu?" Tinaseka tonse. Nthawi imeneyo zinali zosekeka.

Kuyambira pa nazale mpaka powokera, sopo wanga ankagwira. Ababa ajambula m'mawa, ine ndikaweruka nditsuka, asisi ayankha kuti fodya wa chaka chino ndi wosiririka. Ndinkamva kukoma kupusitsa asisi, munthu amene amadziona ngati wapolisi wa banja lonse. Ndipo aka kanali koyamba kuchita zachinyengo mothandizana ndi kholo.

Koma dzanja silinaime. Fodya atafika m'chiuno, zithunzi zinali zitagwedera moti pulogalamu ija inkangoganizira yokha zoti iikepo. Masamba ankatuluka osalala ngati a nthochi. Khasu linatuluka ndi mipini iwiri. Galu wathu anapatsidwa mwendo wachisanu, ndipo chithunzi chimenecho ndinasunga, sindichifufuta. Ndinkabwereza chithunzi chimodzi kambirimbiri mpaka bandulo kutha, osapeza chooneka ngati munda wa anthu.

"Ababa, bwanji ndizingojambula ine? Asisi adziwa bwanji?"

"Foni ndi yanga, munda ndi wanga. Ukufuna unditengere chiyaninso?"

Ndinali nditawatengera kale zambiri. Posoka fodya singano inkawabaya m'manja, ndiye ndinkasoka ndine, iwo n'kumangopachika pa mikangala. Mabatani a malaya ndinkamanga ndine. Amalume akabwera kudzazonda, ababa ankathamangira kugwira masamba aawisi kuti manja ade ndi utomoni wa fodya, n'kupereka mkono m'malo mwa chikhatho. Nzeru imeneyo ndinawapatsa ndine, ndipo ndimanyadira. Ku mgonero anasiya kupita, poopa kutaya kakapu pamaso pa mpingo. Kenako dzanja lamanzere nalo linayamba.

Tsiku lina tinaweruka msanga. Ndinazembera kuseri kwa nyumba kuti ndiwadzidzimutse monga mwa masiku onse. Ndinawapeza atagwada pansi, manja atawapanikiza pakati pa maondo, mutu uli mu ndowa, akumwa madzi. Kapu inali pambali, malaya onse atanyowa. Ndinabwerera chafutambuyo mpaka kumsewu, ndipo ndinabweranso ndikuimba mokweza kuti andimve.

Madzulo ake anandipatsa foni. "Tsuka ichi cha chigafa." Ndinatsuka, ndinawaonetsa, anagwedeza mutu n'kupita kukatsekera mbuzi. Ine ndinasankha zithunzi zonse zosatsuka, kuyambira cha pa nazale, n'kutumiza kwa asisi motsatana mmene anazijambulira. Pansi ndinalemba kuti, "Kuno kukuchita chivomerezi tsiku ndi tsiku, koma m'manja mwa munthu mmodzi."

Foni inalira ababa asanabwerere. Anali asisi.

"Iwe mwana wopanda khalidwe, zimenezi ndi zamasewera zako zija?"

"Ziyang'anitseni, asisi. Muyambire choyamba."

Kenako ndinamva akupuma movutikira. "Wandibisira nthawi yonseyi?"

"Munati ndisamajambule. Simunati ndisamatsuke."

Anabwera Loweruka. Ku chipatala cha pa Boma anatiuza kuti mapiritsi alipo ochepetsako, koma ochiza palibe, ndipo zizingopitirira. Ine ndinkafuna mapiritsiwo basi. Chimene sindinaganize n'chakuti asisi, munthu wotsata mwambo, sangasunge matenda a m'nyumba osakawatula kwa mwini mbumba. Anapita kwa amalume tsiku lomwelo.

Pa msonkhano panalibe wokalipa. Amalume analankhula mofatsa, chipewa chili pa bondo. "Alamu, mwatigwirira ntchito pamudzi pano, ana mwalera. Tsopano kapumeni." Ababa anakhala manja ali m'matumba, jekete lonse likugwedezeka. Anagwirizana kuti apite ndi asisi ku Lilongwe, fodya wa m'chigafa amalize anyamata a amalume, ine nditsale kwa amalume komweko mpaka ndilembe mayeso a Fomu 4.

Tikudikira minibasi pamsewu, ababa anandiyang'ana koyamba chichitikireni zonsezi.

"Ukanadikira ndigulitse fodya yekhayu."

"Ndikanadikira mukanayamba kumwera limodzi ndi mbuzi."

"Unandiona?"

"Ndinakuonani."

Pakamwa pawo panagwedera, sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena matenda omwewo. "Iwe ndiwe mfiti," anatero. Kondakitala anawagwira mkono powakweza, chinthu chimene sakanalola ine kuchita.

Anthu amandifunsa ngati ndikumva chisoni ndi zimene ndinachita. Ayi. Ndikanatumizanso, ndipo mawu a chivomerezi aja ndimaona kuti ndinawapeka bwino. Kungoti palibe chimene chinakonzeka. Ababa amakhala m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya lendi, mapiritsi amawagonetsa usana wonse, ndipo ndikaimba amati ali bwino n'kupereka foni kwa asisi. Nyumba yathu akusungiramo chimanga. Munda anaugawa pawiri.

Sabata yatha ndinathira chitedze m'jekete la amalume asanapite ku maliro. Akuti anavina pamanda mpaka abusa kuimitsa ulaliki. Atabwera sanafunse n'komwe kuti wachita ndani. Anangovula jeketelo, n'kundiyang'ana mwachifundo, n'kuuza akazi awo kuti, "Musiyeni mwanayu, ali ndi zambiri." Ndinapita kuseri kwa khola kuti ndikaseke bwinobwino, ndipo ndinakhala kumeneko mpaka anandiitana kuti ndikatunge madzi.