Makina openta ananditulutsa m'chikuta

Anzanga, izi sindinazimve kuchigayo kapena pamjigo, zinandichitikira ine ndemwe, ndipo wofuna kunditsutsa akafunse m'mudzi mwathu, m'mbali mwa msewu waukulu wochoka ku Chikwawa kupita ku Nsanje, kumene ena mpaka lero amandinena kuti ndine mkazi wosamva mwambo. Anene, pakamwa ndi pawo. Dzina la munthu sinditchula, mukudziwa nokha chifukwa chake.

Unali mwezi wa Okutobala, muja kumatentha kwathu kuno mpaka mchenga kuwotcha mapazi, ndipo ine ndinali nditangochira kumene mwana wanga woyamba, wamwamuna. Ndinali m'chikuta. Mwambo wake mukuudziwa, mayi ndi khanda satuluka m'nyumba mpaka mchombo utagwa ndipo mwana atasambitsidwa mankhwala. Amene ankaulondera mwambowo anali apongozi anga, mayi wa amuna anga, omwe anachoka kwawo ku Nsanje kudzandisamala, ndipo anali atamata kazenera ka kuchipinda ndi makatoni kuti mphepo isamupeze mwana.

Tsono kunabwera uthenga woti akuluakulu adzadutsa mumsewumo, nyumba iliyonse yoonekera kumsewu iyere. Anyamata a chipani ankayenda khomo ndi khomo kuona amene sanapake, ndipo anyamata amenewo ndani angawafunse funso? Anzathu anagula laimu, ena anakatapa dothi loyera, n'kumapaka ndi tsache la mlaza monga mwa masiku onse. Koma amuna anga, pokhala ogwira ntchito kumunda wa nzimbe, a nyumba ya malata, ankafuna dzina, ndiye anasankha penti wa buluu. Mkulu wawo, alamu anga, anali atabwera kuchokera ku Joni ndi makina openta, kainjini komwa petulo, paipi, ndi kamfuti kopopera penti ngati mmene timapoperera mankhwala m'thonje. Alamuwo ankati burashi ndi ya anthu osayenda, kumene iwo achokera anaisiya kalekale.

Kunena chilungamo, kunja anamaliza msangadi. Ndili mkati ndinkamva anthu akuomba m'manja, ana akukuwa kuti mbuzi ya aneba yasanduka ya buluu mbali imodzi, anthu kuseka. Kutamandidwako kunawalowa amuna anga m'mutu, akuti poti penti watsala, apenteretu ndi pabalaza pomwe. Paipi inali yaifupi, ndiye injini anailowetsa m'nyumba. Kunja kunali mphepo ya fumbi, ndiye alamu analamula kuti chitseko ndi mazenera atseke, fumbi lingamatirire pakhoma n'kuwaonongera ntchito. Ine ndinatuma apongozi kuti awafunse ngati sangadikire ife tituluke kaye, yankho linabwera loti iwo ali pabalaza, ife tili kuchipinda, vuto lili pati? Eni akewo anamanga mipango kumphuno. Anaiwala, kaya sanafune kukumbuka, kuti khoma lapakati silinkafika kudenga.

Injini italira nyumba yonse inanjenjemera, mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira, ndipo pasanapite nthawi ndinaona nkhungu ya buluu ikutsetsereka pamwamba pa khoma lija n'kumatsikira pamphasa pathu. Fungo la petulo ndi utsi linandigwira pakhosi, maso kuyabwa, mutu ngati wina akukhomamo msomali. Ndinamuphimba mwana ndi chitenje, ndinaitana bambo ake, koma ndani angamve pa phokoso limenelo? Apongozi anakhala pakhomo la chipinda akutsokomola okha, n'kumandiuza kuti ndipirire, amuna amaliza posachedwa, mkazi wa m'chikuta sakuwa.

Kenako nalimata amene ankakhala pamtanda wa denga anagwa pafupi ndi phazi langa, chagada, timiyendo tikungonjenjemera, osathawa. Ndipo ndi pamene ndinazindikira kuti mwana wasiya kulira. Nditavundukula chitenje ndinapeza milomo yake yatuwa ngati phulusa, ndinamupatsa bere osaligwira, ndinakweza kamkono kake kanangogwa kokha ngati chingwe. Inu amayi anzanga, mukanatani?

Ndinadzuka, ndinamukumbatira mwana. Apongozi anatambasula manja pakhomo, akuti nkhabe, ndiye kuti ayi mwa Chisena chawo, mwana wosasambitsidwa sangatuluke, kunja kwadzaza anthu otentha amene agona ndi akazi awo, adzamudula ndi tsempho, adzatupa, ndipo mlandu wake udzakhala wa ine. Ankalira polankhula, musaganize kuti anali munthu woipa, mdzukuluyo ankamukonda. Ndinawayankha kuti amayi, tsempho ali ndi asing'anga ake, koma manda alibe. Atakanabe ndinawakankha ndi phewa, munthu wamkulu, mayi wobala amuna anga, anakagwera pa mtsuko. Lero ndikanawakankhanso.

Pabalaza sindinkaona kanthu, utsi wokhawokha. Ndinakola paipi ndi phazi, alamu anatukwana kuti mlamu wapenga, amuna anga anandigwira mkono, ndinawaluma, ndipo chitseko ndinachimenya ndi bondo. Ndinatulukira pakati pa khamu lija ndili ndi chitenje cha m'chiuno chokha, ndikuthamangira pansi pa mtengo wa nimu. Amayi ena anaphimba kumaso, ena kukuwa kuti malodza. Mmodzi wa anyamata a chipani aja anandiyandikira n'kufunsa ngati ndikudziwa kuti ntchito imene ndasokonezayo ndi yolandirira akuluakulu. Kaya mawu anachokera kuti, ndinamuuza kuti akuluakuluwo akadzaona nyumba ya buluu adzalowenso mkati adzaone maliro. Amuna anga nkhope inagwa, chifukwa anthu anatengedwapo pa mawu ochepa kuposa amenewo, koma ine maso anali pa mwana.

Aneba athu, amayi ogulitsa nsomba zouma za kudambo, eni mbuzi ija, ndiwo sanafunse za mwambo. Anatenga lichero n'kumamukupiza, akundiuza kuti mwanawe muimike, musisite kumsana, usaleke, muitane. Ndimuitane ndani, poti dzina anali asanapatsidwe? Ndinkangoti bambo, bambo wanga, bwerani. Ndipo pamene ndinkati basi zatha, mwana anayetsemula, anasanza timkaka, n'kulira kulira kwenikweni. Nthawi yomweyo alamu anatuluka akudzandira ngati amwa uchema, anafika pakhola la mbuzi n'kugwa chafufumimba. Anyamata aja anathamangira kukawanyamula, akuseka kuti wa ku Joni wagonja ndi makina ake omwe, ndipo mawu anga anathera m'phokoso limenelo. Kapena anangosankha kusawamva, sindidziwa, koma palibe anabwera kudzanditenga.

Mwana tinapita naye kuchipatala pa njinga, anamuona, anati wapuma utsi woipa ndipo ndinachita bwino kumutulutsa. M'nyumbamo ndinakana kulowamo mpaka fungo litatha, chikuta changa ndinamalizira m'khitchini mwa aneba aja, mchombo unagwera komweko. Apongozi anamusambitsa mankhwala ake onse, koma ine sanandilankhule mpaka anabwerera kwawo. Mwanayo sanatupe. Pano amapita kusukulu, ndipo ndi wamakani ngati amake.

Tsono mukandifunsa ngati makina amenewa ndi ofunika pakhomo, ine ndikuti ayi, ndipo sindichita manyazi ngakhale sukulu ndinalekeza ku pulayimale. Mwina kumashedi akuluakulu a kumunda wa nzimbe, kumene mphepo imadutsa, ali ndi ntchito. Koma nyumba zathu zing'onozing'onozi? Penti wambiri amangouluka, wina pachitseko, wina m'mapapo mwanu, ndipo liwiro limene mukulifunalo mukuthamangira kuti? Burashi ndi laimu sizinagwetsepo munthu. Abambo, musalowetse injini m'nyumba yogona anthu chifukwa chofuna kuomberedwa m'manja. Ndipo inu amayi, mwana akasiya kulira pamene amayenera kulira, musayambe mwapempha chilolezo kwa aliyense, ngakhale atakhala ndani pakhomopo. Nyamulani mutuluke, milandu mudzakamba muli naye kumsana.