Beseni Pakamwa pa Chitsime

Mwana wanga wamkazi amaphunzitsa ku Nyimba, ndipo akabwela kumudzi foni siichoka m'manja mwake. Ndimamuseka kuti adzakwatiwa nayo. Tsiku lina tikuswa nshawa pakhonde, anandionetsa chithunzi cha chitsulo chonga mgolo, anthu akuchitsitsila m'nyanja ya mchele.

"Amai, ichi chimakhala pansi penipeni pa nyanja, chimamvetsela. Nthaka ikagwedezeka, madzi n'kuyamba kutukuka, chimatumiza uthenga kumtunda kuti anthu athawile kumapili chifunde chisanafike."

Ndinati, "Ndiye beseni la atate ako limenelo." Iye anaseka. Ine sindinaseke.

Amuna anga anali okumba zitsime, ku Kalindawalo konse ankawadziwa. Asanatsike ankadzaza beseni ndi madzi mpaka m'milomo, n'kuliika pakamwa pa dzenje. Ntchito yanga inali kuliyang'ana. Madzi akachita makwinya popanda mphepo, ndiye kuti nthaka yasuntha. Ndinkayenela kukuwa ndi kugwedeza chingwe, iwo n'kukwela msangamsanga.

Chitsime chomaliza chinali pafupi ndi mseu, nyengo yogulitsa thonje. Malole odzaza mabelo akamadutsa, madzi m'beseni ankanjenjemela. Sabata imodzi amuna anga ndinawatulutsa m'dzenjemo katatu. Kachitatuko anatuluka thukuta lili kamukamu, maso ali psu.

"Amake mwana, kodi lole simuidziwa? Ndizingokwela ndi kutsika ngati nyani? Mukandiitananso pachabe, mulowemo ndinu!"

Eni chitsime anali pomwepo, anaseka mpaka kugwila nthiti. Ndinapsa mtima, manyazi anandigwilanso. 

Tsiku lotsatila, dzuwa lili pamutu, madzi anachitanso makwinya. Ndinamva kugunda chapatali. Mumtima ndinati, ndi lole imeneyo, asandilalatilenso pa anthu. Ndinatembenukila kumseu kudikila fumbi. Fumbi silinaoneke. Nkhuku zinayamba kubalalika, kenaka ndinamva nthaka ikuyenda kunsi kwa mapazi anga. Chinali chivomezi, chaching'ono ndithu, moti ena kumunda sanachimve n'komwe. Pamene ndinkakuwa, khoma la chitsime linali litagumuka kale.

Mayo ine! Tinafukula ndi makasu, ndi mbale, ndi manja, mpaka dzuwa kupendeka. Tinawapeza atagwila chingwe.

Pamalilo anthu ankandipepesa kuti chivomezi sichichenjeza munthu. Ndinkangowelama. Mwana wanga wakula akudziwa zomwezo, ndipo zaka zonsezi sindinamuwongolepo. Ndinkaopa kuti akadziwa sadzandiyang'ananso ngati amai ake.

Tsono pakhonde paja ndinamufunsa, "Nanga chitsulo chakocho sichinama?"

"Nthawi zina amachenjeza, anthu n'kuthawa, chifunde osabwela. Amatsika kumapili atakwiya."

"Akwiye!" ndinatelo. "Akwiye, atukwane, alalate mpaka mawu athe. Bola atsike ndi miyendo yao."

Misozi yanga inagwela m'nshawa. Mwana wanga anaika foni pansi.

"Amai, n'chiyani?"

Beseni lomwe tinkaponyamo nshawa ndi lomwe lija. Lili ndi zigamba ziwili tsopano, koma sindinalitaye. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali, mtima ukundiwawa ngati zachitika dzulo lomweli.

"Madzi ananena, mwanawe. Ndinawaona ndi maso angawa. Nthawi yoti atate ako akwele inalipo. Ine ndinkayang'ana kumseu."