Maliro a bambo a zigoli

Uthenga anabwera nawo ndi mlamu wanga amene amagulitsa tomato pa Nsaru. Anandipeza m'chigafa ndikusoka fodya, dzuwa litangokwera pang'ono, ndipo sanakhale n'komwe pansi.

"Alamu, mwamva? Bambo a zigoli aja atisiya m'mawa uno kuchipatala."

Sindinafunse kuti ati. Kuyambira ku Kabudula mpaka ku Nambuma, ukati bambo a zigoli ndi munthu mmodzi basi. Ndivomereze pamaso pa Mulungu kuti chisoni chinabwera pambuyo, choyamba chinali mantha. Mumtima ndinangoti, kodi mpingo ukayimba?

Munthuyu sanali wakuno. Anachokera ku Mulanje ali mnyamata, makolo ake atabwera kudzalima fodya wa utenanti pa esiteti ina kufupi ndi kwathu. Makolowo anabwerera, iye anatsala chifukwa cha mpira, kenaka chifukwa cha mnzanga amene ndinakula naye, yemwe anamukwatira n'kumanga pamudzi pawo.

Ana a lero sangamvetse mpira wa masiku amenewo. Magolo anali a mitengo ya bulugama, opanda neti. Mpira ukadutsa m'mwamba pang'ono, anthu ankakangana mpaka oyimbira kuthawira m'chimanga. Ndiye iyeyu ankamenya wa pansi, ndi mwendo wamanzere, wopanda nsapato, kuti pasakhale wotsutsa. Timu ya pa esiteti inkayenda pa ngolo ya thalakitala, ife atsikana tikuthamanga m'fumbi kumbuyo kwake. Akagoletsa tinkalowa m'bwalo tikukupiza zitenje, iye n'kungobwerera pakati atawerama ngati wachita manyazi. Sindinamuonepo akuvina.

Chaka china mpikisano womaliza anauika Lamulungu. Anasewera, nagoletsa zinayi. Sabata lotsatira akulu a mpingo analengeza mayina a onse amene anasewera tsikulo kuti adulidwa. Enawo anabwezeredwa m'miyezi yochepa. Iye ayi. Komatu zaka zonsezi ankabwera kutchalitchi, n'kukhala benchi lakumbuyo pafupi ndi khomo, ndipo tsiku la mgonero ankatuluka mwakachetechete mbale isanayambe kuyenda. Tonse tinkaona, ndipo tinazolowera.

Kwathu munthu akamwalira ali wodulidwa, ife amayi a chigwirizano sitivala yunifomu pamaliro ake, ndipo mpingo sutenga mwambo. Anthu amangoona okha kuti pafika zitenje zokhazokha, n'kuyamba kunong'onezana.

Ndinatulutsa bulauzi yanga yoyera ndi duku, n'kusita. Nditatha ndinaimirira nthawi yaitali ndili nazo m'manja. Kuvala sindikanatha, kusiyanso kunandikanika. Ndinazipinda n'kuika m'jumbo, ndipo njira yonse ndinkapemphera mawu omweomwewo, Ambuye mutichitire chifundo.

Pa siwa mnzanga uja anali atakhala pakona, azakhali ake atamugwira mapewa. Atandiona anayang'ana chovala changa kaye, nkhope pambuyo.

"Achemwali, mwabwera chonchi?"

"Ndabwera nazo, zili umu."

"Ndiye muvala?"

Anandigwira dzanja mwamphamvu. "Zaka zonsezi sanajombepo kutchalitchi. Mukamutaye ngati galu eti?"

Ndinatuluka kukafuna mkulu wa mpingo wa dera lathu. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango ali ndi madoda ena, ndipo ndinagwada chapatali mpaka anandiona n'kubwera. Bambo amenewa ndi okalamba tsopano, amayenda ndi ndodo, koma pa unyamata wawo anali goloboyi wa timu ya pa Nsaru.

"Abambo, ndabwera ndi funso. Mawa tivale kapena tisavale?"

"Amayi, lamulo mukulidziwa kuposa ine."

"Ndikulidziwa. Koma paja zigoli zinayi zija analowetsa pagolo pa ndani?"

Anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Zinali zitatu. Chachinayicho chinadutsa kunja, oyimbira anali mlamu wake wa kapitawo wa pa esiteti yawo."

"Ndiye tsiku lomwelo nanunso munasewera."

"Ndinasewera, ndipo anandidula limodzi naye."

"Nanga inu munabwerera bwanji?"

Anakolosa pansi ndi ndodo. Kenaka anati amalume awo ndi amene anawagwira dzanja n'kupita nawo kwa akulu a mpingo kukapepesa. Ndi mmene zinkakhalira, mnyamata sankapita yekha, ankaperekezedwa ndi wamkulu wa kubanja. Anyamata onse a m'midzi muno anali ndi amalume. Iye, mwana wa tenanti, amalume ake anali ku Mulanje.

"Ife tinkadikira kuti abwere adzapemphe," anatero. "Mwina iyenso pa benchi paja ankadikira kuti wina amutenge."

Mawu amenewo anandilasa. Ineyo ndadutsa pa benchi limenelo Lamulungu lililonse, ndikumupatsa moni, nthawi zina n'kumuseka za mwendo wamanzere. Sindinamufunsepo kuti bambo, tikuperekezeni? Ndinkaona ngati kufunsa n'kumuchititsa manyazi munthu wamkulu.

Abusa anali kutali ku msonkhano. Mkulu uja anati awaimbira foni, koma pamudzipo mafoni sagwira, mpaka ukwere pachulu cha kuseri kwa sukulu. Ndinawaona akukwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Ndinatsala m'munsi nditakumbatira jumbo langa. Ankalankhula, n'kukhala chete, n'kulankhulanso akuloza kumanda ndi ndodo ngati abusawo akuwaona. Foni inaduka kawiri. Ine pemphero linandithera m'kamwa.

Atatsika anati, "Yunifomu akana. Akuti iwo okha sangasinthe zimene zinagamulidwa ndi bwalo la akulu a mpingo. Koma andilola kuti ndilalikire ine, ndipo nyimbo muyimbe."

Ndinabwerera pa siwa kukamuuza mnzanga. Anamvetsera mpaka kumapeto osandiyang'ana. "Nyimbo muyimbe ndithu," anatero. "Ankazikonda." Za yunifomu sanatchulenso.

M'mawa mwake tinabwera amayi ambiri, tonse m'zitenje. Bokosi ananyamula anzake akale a mpira, ena a imvi, ena otsimphina, ochokera ku Mpingu ndi ku Namitete komwe, ndipo achinyamata akafuna kuwalandira ankakana. Mkulu uja polalikira sanabise kanthu. Anauza khamu lonse kuti iye ndi malemuyo analakwa tsiku limodzi pa bwalo limodzi, wina anapeza womuperekeza, wina sanapeze, ndipo anapepesa kwa mayi wamasiyeyo pamaso pa anthu. Ine ndinayambitsa nyimbo popita kumanda, ndipo amayi anzanga anandilandira. Ndimathokoza Mulungu kuti sanapite mwakachetechete.

Koma mtima wanga sunakhazikike. Mnzangayo chiyambire malirowo sanabwere kutchalitchi. Ndapitako katatu kukamuona, amandilandira bwino, amandiyalira mphasa, koma ndikatchula za Lamulungu amayamba kukamba za mvula. Ndamuuza kuti tsiku limene adzafune ndidzabwera kudzamutenga pakhomo, tidzalowere limodzi. Sanavomere, sanakanenso.

Inu amene mwawerenga izi, kaya munamuonapo akusewera kaya ayi, ndikupempheni kuti mukagwada muzikumbukira mayi ameneyu, ana ake asanu ndi adzukulu. Fodya wawo akadali m'munda, ndipo mwini wake woyendetsa ntchito ndi amene wapitayu.